Mzere wa Wophunzira

Ana anga, za ubwana wanga mudazimva kale mpaka zidakukolani, choncho pano ndizidumpha. Ndilemba za ntchito, makamaka ntchito imodzi imene ndidaikonda kuposa zonse ndipo idafera m'manja mwanga. Idali pulogalamu yotenga ophunzira a ku yunivesite n'kuwaika m'maofesi a boma kuno ku Ntcheu kuti aphunzire mmene boma limayendera. Tsiku lina ndidayenera kusankha pakati pa lamulo limene lidaimanga pulogalamuyo ndi munthu amene ankaidyetsa. Mumandifunsa chifukwa chake ndimangoti duu tikamadutsa panjira yolowera ku Kandeu. Yankho lake ndi ili.

Zipani zambiri zitangoyamba

Ntchito yanga yoyamba idali ya ukalaliki m'kaundula pa boma. Ndidalowa anthu akadali ndi chimwemwe cha ufulu watsopano, aliyense akuyankhula mokweza ngati adamwa mankhwala otsegula kukhosi. Koma ufuluwo sudabwere ndi mapepala. Tinkataipa kumbuyo kwa makalata akale, kaboni mmodzi tinkamugwiritsa ntchito mpaka kuonekera ngati sefa, ndipo riboni ya taipi ikauma ndinkaidontheza palafini kuti ilembeko sabata ina. Mwezi wa Juni mphepo yochokera kumapiri inkalowa pazenera losweka n'kutiumitsa zala. Bwana wanga woyamba adali munthu wachete, wa jekete imodzi chaka chonse, ndipo ndiye adandiphunzitsa chinthu chimene chidadzandipweteka pambuyo pake. Ankati, "Nambewe, muofesi muno mbale wako ndi lamulo. Ukalimasula kamodzi chifukwa cha munthu wabwino, mawa lidzamasulidwa ndi munthu woipa, ndipo adzatchula iwe." Ndidali mtsikana, ndidangomeza. Patapita zaka adandikweza n'kundipititsa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo kumeneko ndi kumene ndidakalambira.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000

Pulogalamu ija idabwera ndi bungwe lina lakunja. Lidagwirizana ndi yunivesite kuti ophunzira amene angomaliza kumene azibwera kudzakhala chaka chathunthu m'maofesi a boma m'maboma ngati lathuli. Bungwelo linkawalipirira nyumba, chakudya ndi mayendedwe. Ife tinkawapatsa mpando ndi munthu wowayang'anira. Anthu ankangoti ana a atachimenti. Ntchito yoiyendetsa idagwera ine, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa idalibe maalawansi ndi misonkhano ya kuhotela, ndiye anzanga onse adapezeka kuti atanganidwa.

Lamulo lake lalikulu lidali limodzi. Malo ankalengezedwa kwa ophunzira a dziko lonse, ndipo wopambana pa intaviyu ndiye ankatengedwa. Pa intaviyupo tinkakhala atatu: mphunzitsi wa ku yunivesite, bwana wa ofesi yathu, ndi ine. Lamulo limeneli lidandidanitsa ndi anthu ambiri. Adabwera andale, adabwera abusa, adabwera ngakhale mlamu wanga atanyamula nkhuku. Onse ndidawabweza. Adanditcha Mayi Geti, ndipo dzinalo ndinkalikonda ngakhale sindinkaonetsa.

Anawo tinkawatumiza kumidzi, ena ku Champiti, ena ku Nzama, ena ku Kandeu. Ankafika ndi nsapato zosongoka ndi Chingerezi chambiri, pakutha pa mwezi n'kukhala atagula majombo. Ndidaona ndi maso anga mwana amene ankaganiza kuti boma ndi nyumba zazitali za ku Lilongwe akuzindikira kuti boma ndi mlangizi mmodzi wokhala ndi njinga yopanda mabuleki. Ambiri mwa iwo adadzalembedwa ntchito m'boma chifukwa adali atadziwika, ndipo ankadziwa chitseko choyenera kugogoda. Ichi n'chimene makolo ankalimbirana malowo.

Ku Kandeu ana athu ankagona kwa aNdau. Ameneyu adali mkulu amene adatha unyamata wake wonse m'migodi ya ku Joni, nabwerako ndi njinga, sutikesi yachitsulo ndi chifuwa chosatha. Ankalima kachewere pamtunda, ndipo Lamulungu lililonse ankavala suti yake yakale kupita ku Misa. Adali ndi kachipinda kopanda munthu, nakapereka kwa ophunzira osafuna lendi. Pakhomopo pankakhalanso mdzukulu wake wamasiye, Pasikale, amene nthawi imeneyo adali ku sekondale. Mnyamatayo adakula akuona ana a yunivesite akulowa ndi kutuluka m'nyumba ya agogo ake, akuwerenga mabuku amene ankamusiyira. Mmodzi mwa ophunzirawo ndiye adathamangitsa nkhani ya mjigo wa m'mudzimo umene udakhala wakufa zaka zambiri, mpaka udakonzedwa. Chichokereni apo aNdau sankalola munthu kunyoza pulogalamu yathu.

Chaka chimene thandizo lidatha

Chobwereka sichikhalitsa. Bungwe lija lidatidziwitsa kuti lasintha zolinga ndipo likupita kukathandiza kwina. Adatithokoza ndi mawu okoma kwambiri, natisiyira kabati yachitsulo ndi kompyuta yodwala. Nthawi imeneyo tidali ndi bwana wina amene tinkamutcha aTiona, chifukwa chilichonse ukamupempha ankayankha kuti, "Tiona." Sadali munthu woipa, kungoti thumba limene ankayang'anira lidali lobooka. Ndidamupempha kuti pulogalamuyo ilowe mu bajeti. Adati tiona. Ndidalembera kulikulu, ndidayenda m'makampani, ndidapita kwa amalonda a pa boma pano. Konseko ndidakanda pamwala. Ndidataya mtima, ndipo ndidayamba kulongedza mafayilo m'makatoni.

Mmawa wina ndidamva chifuwa pakhonde, ndipo ndidadziwa mwini wake asanalowe. ANdau adavula chipewa nakhala pampando wa alendo.

"Mayi, tamva kuti ana aja sabweranso. N'zoona?"

"N'zoona, bambo. Otithandiza aja apita."

"Nanga mwana mmodzi amadya zingati pachaka?"

Ndidaseka, koma iwo sadaseke. Adandifotokozera kuti ku komponi ya kumgodi, amuna a ku Ntcheu adali ndi chiperegano chawo. Mwezi uliwonse aliyense ankaponya kangachepe m'chitini. Mnzawo akavulala, chitinicho chinkamukweza sitima kubwerera kwawo. Akamwalira, chinkatumiza katundu wake kwa mkazi wake. "Bwana wa mgodi sankatidziwa ndi mayina, mayi, koma chitini chinkatidziwa. Tsopano ndalama tilibe, koma mizere tili nayo. Ndayankhula ndi anzanga akale a ku Joni ndi ana awo. Aliyense m'munda mwake apatula mzere umodzi wa kachewere. Tikakumba, tigulitsa pamodzi. Sizingakwanire ana ambiri, koma mmodzi adya."

Misozi idalengeza, ndipo ndidanamizira chimfine. Komabe Mayi Geti adali asanafe mwa ine. Ndidati, "Bambo, ndikuuzeni poyera tisanayambe. Lamulo likhala lomwe lija. Yunivesite sidzatumiza mwana ngati malowo salengezedwa kwa onse. Wopambana intaviyu ndiye adzabwere, kaya ngwa kuti."

"Lamulolo ndi lanu, mayi, ife sitililowerera. Ife zathu ndi makasu. Pajatu kupatsa n'kuika."

Mwambi umenewo ndidaumva ngati mawu a munthu wachifundo basi. Iwo ankanena zenizeni. Ankaika, monga ankachitira m'chitini cha ku komponi, ndipo woika amadzatenga tsiku lake likafika. Ine ndidanena zanga momveka, iwonso adanena zawo momveka, ndipo tidagwirana chanza aliyense ali wokondwa.

Zaka za mizere

Pulogalamu idadzuka, yowonda koma yamoyo. M'minda ya ku Kandeu pamzere wakumapeto ankazikapo kamtengo komangirira kansalu, ndipo ngakhale ana ankadziwa kuti umenewo ndi mzere wa wophunzira, sukumbidwa wamba. Alimi ena a ku Nzama atamva adalowanso. Chaka cha chiwawu, kachewere atapsa masamba, mizereyo idabala tochepa, ndipo aNdau adagulitsa mbuzi kuti akwanitse. Ine ndinkadzipezera ndekha ya minibasi popita kukaona wophunzira, pakuti galimoto ya ofesi nthawi zambiri idalibe mafuta. Bambo anu ankandiseka kuti ndakwatiwa kawiri, kwa iwo ndi kwa atachimenti. Zaka zimenezo ndizo zidali zokoma pa ntchito yanga yonse. Chaka chilichonse ankabwera mwana mmodzi, wa ku Mzimba, wa ku Mulanje, wa ku Kasungu, ndipo alimi ankamulandira ngati wawo, osafunsa kuti bwanji si wa kuno.

Mzere wa m'munda mwa aNdau ankaupalira Pasikale pa holide. Mnyamatayo adakhoza, napita ku yunivesite kukaphunzira za chitukuko cha kumidzi. Agogo ake adagulitsa ng'ombe zimene adagula ndi thukuta la kumgodi, imodziimodzi, mpaka khola lidasanduka dimba la mpiru. Tsiku lina akundiperekeza adandiuza kuti, "Mayi, bambo anga adapita ku Joni, ine ndidapita ku Joni, mwana wanga adapita komweko nabwera kudzafa. Uyu yekha ndiye asapite. Akhale pa mpando m'dziko lake." Ndidayankha kuti Mulungu athandiza. Mumtima ndidayamba kuopa, chifukwa ndidaona kumene msewu ukulowera.

Chaka cha intaviyu yomaliza

Pasikale atamaliza maphunziro adafunsira malo aja, monga adali ndi ufulu wotero. Nthawi imeneyo ntchito m'boma zidali zitasowa kwambiri, ndipo ana a madigiri ankagulitsa mayunitsi m'misewu. Malo athu amodziwo adafunsiridwa ndi khamu. Titasefa, adatsala ochepa, ndipo pamapeto pa tsiku la intaviyu zidaonekeratu kuti nkhani ili pakati pa awiri: Pasikale ndi mtsikana wina wa ku Nsanje dzina lake Esinala.

Pasikale adayankha bwino. Ankadziwa dera, ankadziwa anthu, koma mantha adamugwira, ndipo mafunso ena adangowazungulira. Esinala adalowa akunjenjemera ndi kuzizira, atavala juzi yobwereka yomufika m'mawondo. Atayamba kuyankhula tonse tidaiwala juziyo. Adayankha molunjika, ndipo pamene sankadziwa adanena kuti sakudziwa. Adamuposa Pasikale. Sadamupose patali, koma adamuposa, ndipo tonse atatu tidaona.

Ana atatuluka, mphunzitsi wa ku yunivesite adati, "Kwa ine ndi mtsikanayu."

ATiona, amene moyo wawo wonse sadagamulepo kanthu tsiku lomwelo, ulendo uno adayankha msanga. "Ine ndikuti mnyamatayu. Tisanamizane apa. Kachewere amene akudyetsa pulogalamuyi ngwa agogo ake. Mukam'siya, alimi aja atitaya. Mwanayo sadalephere, wangotsalira pang'ono. Mayi Nambewe, mwatsala ndinu."

Ndidapempha kuti nditulukeko. Ndidaima kuseri kwa ofesi pafupi ndi galimoto zakufa zimene zidagona pamenepo chiyambire, ndipo ndidaganiza mpaka mutu kuwawa. ATiona sankanama. Ndinkadziwa kuti ndikasankha Esinala mizere itha. Ndinkadziwanso kuti ndikasankha Pasikale, chaka chotsatira adzabwera mlimi wina ndi mwana wake, kenako wina, ndipo sindidzakhala ndi pakamwa powakanira. Pambuyo pa alimi adzabwera andale aja ndidawabweza, ndi mlamu wanga ndi nkhuku yake. Pulogalamu idzakhalapo dzina lokha. Komanso panali mtsikana amene adakwera basi kuchokera kuchigwa ndi ndalama yosonkherana, atakhulupirira chilengezo chimene ndidalemba ndi dzanja langa. Iyenso adali ndi agogo ake kwinakwake, kungoti ine sindinkawadziwa nkhope.

Ndidabwerera n'kunena kuti, "Esinala." ATiona adapukusa mutu nati, "Mwaipha nokha, mayi." Ndidawakwiyira tsiku limenelo, koma adanena zoona.

Sindidafune kuti aNdau amve kwa anthu, choncho mawa lake ndidapita ndekha ku Kandeu. Ndidawapeza akusankha mbewu ya kachewere pansi pa mtengo wa pichesi. Adandipatsa mpando, tidalonjerana, ndipo ndidawauza. Adatembenuza kachewere mmodzi m'manja.

"Walephera?"

"Sadalephere, bambo. Wina wam'posa."

"Wa kuti?"

"Wa ku Nsanje."

"Kwawoko adalimako mzere?"

"Ayi, bambo. Koma paja ndidanena poyamba pomwe kuti lamulo..."

"Mudanena, mayi. Sindikukunamizirani, mudanena." Adatsokomola mpaka ndidachita mantha. "Koma ine ndimayesa kuti lamulolo ndi la masiku wamba. Ku komponi nakonso malamulo adaliko. Koma munthu amene waponya m'chitini zaka zonse, tsiku lake likafika sitinkamufunsa mafunso. Tinkangomunyamula. Ife tadyetsa ana a eni chaka ndi chaka osadandaula, poti timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero wathu wafika pakhomo, mwatseka."

Ndidayesa kufotokoza za andale, za yunivesite, za mawa. Adandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako adati, "Mtsikanayo abwere. Kachewere wa chaka chino tidalonjeza kale, ndipo ife sitibweza chimene tapereka. Chipinda chilipo, agona momwemo. Koma chaka chamawa ine sindikhala ndi nkhope yopita nayo kwa anzanga." Pochoka adandipatsa kachewere m'kathumba monga mwa masiku onse. Ndikadakonda akadandilalatira.

Esinala adabwera, ndipo adagona m'nyumba ya agogo a mnyamata amene iye adamulanda malo. ANdau adamusunga bwino, adamugulira ngakhale bulangete lachiwiri. Mtsikanayo adagwira ntchito yotamandika ku Kandeu ndi ku Champiti, ndipo lero ali pa udindo m'boma. Amandiimbira foni pa Khirisimasi. Dzinja lotsatira ndidayenda m'minda ija, ndipo sindidaone kamtengo ka nsalu ngakhale kamodzi. Palibe adachita msonkhano, palibe adandinyoza. Anthu adangolima minda yawo mpaka kumapeto. Ndidalongedzanso mafayilo m'makatoni aja, ulendo uno osawatsegulanso.

Pasikale adafunafuna ntchito mpaka nsapato kutha. Adaphunzitsako pa sukulu ina yapulaiveti imene inkalipira mwezi umene yafuna. Kenako ndidamva kuti akupita ku Joni. Tsiku lonyamuka ndidawaona pa siteji ya basi pa boma, iye ndi agogo ake. Ndidafuna kubisala, koma aNdau adandiona nandikodola. Mnyamatayo adandipatsa moni waulemu. Katundu wake adali m'sutikesi yachitsulo ija. Basi itanyamuka, mkuluyo adaiyang'ana mpaka idazimiririka, nati, "Ife tinkapita chifukwa sitidaphunzire. Uyu akupita ndi digiri. Nanga mayi, inu odziwa zinthu, tandiuzani kuti zaka zonsezi timalima chiyani."

Nditapuma ntchito

Ana anga, musayembekezere kuti ndinena kuti ndidalakwa. Ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi zaka zonsezi, ndipo nditabwezedwa m'chipinda chija ndikhoza kutchulanso dzina lomwelo. Chimene chimandiwawa n'chakuti sichidayenera kukhala chisankho changa. Malo akadakhala awiri okha, onse akadalowa. Dziko lonseli, ndi maofesi ake ndi misonkhano yake, lidalephera kudyetsa ana awiri kwa chaka chimodzi, mpaka ntchitoyo idatsalira nkhalamba yodwala chifuwa ndi khasu lake. Izi zimandipsetsa mtima ngakhale pano pamene ndikulemba.

ANdau adamwalira ine nditapuma kale. Ndidapita kumaliro. Pasikale sadabwere. Mapepala ake ku Joni sadali bwino, ndipo akadatuluka sakadaloledwa kulowanso. Bokosi lidali labwino, lopakidwa vanishi, ndipo wolengeza adati latumizidwa ndi anyamata a ku Ntcheu amene ali ku Joni. Kumanda, nyimbo zitatha, azakhali a Pasikale adakweza foni m'mwamba kuti mnyamatayo atsanzike agogo ake. Mawu ankadukaduka, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka galimoto. Anthu adalira kwambiri.

Tikubalalika, azakhaliwo adandipeza n'kundipatsira foni m'manja. "Wamva kuti mwabwera. Akufuna akuyankhuleni."

Ndidailandira. "Pasikale, mwanawe, pepa."

"Zikomo mayi pobwera kudzawaika agogo. Ine ndilibe nanu chifukwa, mumve zimenezo. Mtsikana uja adandiposadi."

"Ukugwira ntchito yanji kumeneko?"

"Ndimalondera pa geti, mayi. Tilipo ambiri kuno, ena a madigiri ngati ine. Tidayambitsa chiperegano ngati chija ankanena agogo. Bokosilo tagula ndi chimenecho." Kenako adati, "Nditawauza anzanga kuti agogo atisiya, palibe adandifunsa funso, mayi. Adangotsegula chitini."

Foni idaduka, kaya mayunitsi adatha kaya ndi netiweki. Ndidaibweza kwa azakhali ake n'kuyamba ulendo wopita kumsewu. Njira yake imadutsa m'mphepete mwa munda wa aNdau, ndipo ndidapeza kuti chaka chimenecho sudalimidwe.